Khola lili pafupi ndi mtsinje: zochita madzi asanafike, atafika ndiponso ataphwa

Mvula ikangolimbika, funso limene ndimalandira ndi limodzimodzi. Wina ali ku Zóbuè, wina ku Dómuè, wina kumunsi kwa Moatize, onsewa muno m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo onse akuti: "Madzi alowa m'khola, nditani?" Ena amafuna kudziwa kamangidwe ka khoma lotchinga mtsinje, ena mankhwala a ng'ombe zimene zagona m'matope. Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, tsono ndalemba kamodzi pano kuti wofunsa ndizingomutumizira. Ndineneretu: amene akufunsa madzi ali kale m'khola wachedwa. Zambiri zili m'munsimu ndi ntchito ya Ogasiti mpaka Novembala, kunja kuli fumbi, pamene za chigumula palibe amene akuziganiza.

1. Dziwani madzi amene amakuvutani

Madzi osefukira kuno ku Tete si amtundu umodzi, ndipo kukonzekera kwake n'kosiyana.

Alipo a mitsinje yotsika kumapiri, monga Revúbuè wochokera kumtunda kwa Angónia, Luia, ndi timitsinje tambirimbiri tothira m'menemo. Amenewa sagogoda. Mvula itha kugwa usiku wonse ku Tsangano kapena ku Ulónguè, inu kumunsi mukuona nyenyezi, koma pofika m'bandakucha mtsinje wadzaza mpaka m'madimba. A ku Chingodzi, mumzinda wa Tete, sanaiwale Malichi 2019, pamene Revúbuè unalowa m'nyumba za anthu kutatsala masiku ochepa kuti namondwe Idai agunde Beira. Mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, mtsinje womwewo unadula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Madzi otha kudula mlatho wa simenti sangalabade za khola la mitengo. Amenewa mumangowathawa basi.

Alipo a Zambezi. Awa amakwera pang'onopang'ono, masiku angapo, koma akafika amakhala milungu. A ku Mutarara anawaona mu 2001, 2007 ndi 2008, makamaka a ku Inhangoma amene ali pakati pa Zambezi ndi Shire. Apa pali chinthu chimene ambiri amanamizidwa nacho. Damu la Cahora Bassa limagwira madzi ochokera kumtunda, koma Luia, Revúbuè ndi Luenha amathira mu Zambezi kumunsi kwa damulo. Choncho mawu akuti "kudamu ku Songo sanatsegule zipata" sakutanthauza kuti muli pabwino. Akalengeza kuti atsegula, tcherani khutu. Akapanda kulengeza, yang'ananibe mtsinje.

Palinso ena osachita phokoso: madzi a m'dambo. Sakokolola kanthu, amangotuluka pansi, khola n'kusanduka thope lofika m'mawondo. Ku Angónia ndi ku Macanga awa ndiwo amatha mathole mwakachetechete.

2. Pezani pamene madzi anafikapo kale

Madzi saiwala khwawa. Pamene anafika kamodzi adzafikanso, kaya papite zaka khumi.

Yendani ndi akuluakulu awiri kapena atatu obadwira pamalopo, aliyense payekha, akulozereni pamene chigumula chachikulu chimene akuchikumbukira chinalekezera. Musafunse za chaka chatha, funsani za chachikulu kuposa zonse. Akasiyana, tengani malo okwera kwambiri. Yang'ananinso nokha: zinyalala ndi bango louma lokodwa m'nthambi za mkuyu, mzere wa dothi pakhoma la nyumba yakale, mchenga woyera pakati pa munda wa dothi lakuda. Khomani chikhomo pamenepo.

Kenako tengerani msinkhu umenewo kukhola. Maso amanama, malo ooneka okwera nthawi zina ali m'munsi. Bwerekani kwa amisiri omanga nyumba payipi yopyapyala yoonekera mkati ija, muthiremo madzi mpaka mpweya wonse utuluke. Wina agwire nsonga imodzi pachikhomo, wina apite ndi inayo kutsogolo. Pamene madzi aima m'nsonga ziwirizo ndi msinkhu umodzi. Sunthani motero mpaka mufike pakhola. Pansi pa khola pakhale mita imodzi pamwamba pa chizindikiro chanu. Pakapanda kukwana, khola limenelo ndi lachilimwe chabe, ndipo gawo lotsatirali ndi lanu.

Muli komweko, zikani mtengo wolimba m'mbali mwa mtsinje, pamalo oti mwana angauone ataima patali osayandikira madzi. Upakeni penti zigawo zitatu. Chapansi ndi madzi a masiku onse a dzinja. Chapakati ndi pamene madzi amayamba kutseka njira yanu yotulukira. Chapamwamba ndi pamene amalowa m'busa.

3. Pezani kothawira, ndipo mugwirizane ndi eni ake

Malangizo ambiri amangoti "samutsirani ziweto kumalo okwera", n'kupitirira. Amene amalemba zimenezo sanayendepo ndi ng'ombe khumi mu Febuluwale. Madzi amasefukira pakati pa Januwale ndi Malichi, nthawi imene mtunda wonse uli chimanga, nyemba ndi mbatatesi. N'chifukwa chake ng'ombe zili kudambo poyamba pomwe: kulibe kwina. Mukazikweza popanda kupangana, mwazipulumutsa kumadzi n'kuzilowetsa m'munda wa munthu, mawa lake muli pabwalo la mfumu kulipira mbuzi. Ndaona anthu akusiya ng'ombe kumadzi usiku wina wowonjezera chifukwa choopa mlandu wa chimanga. Vuto lenileni la chigumula kwa mwini ziweto lili pamenepa, ndipo silithetsedwa ndi khasu.

Yambani mu Seputembala, anthu asanagalauze minda. Musapite nokha kwa mfumu. Munthu mmodzi wopempha malo a ng'ombe zake amaoneka ngati akufuna kulanda malo; eni ng'ombe onse a m'mbali mwa mtsinje akapita pamodzi, nkhaniyo ndi ya mudzi. Tenganinso amayi osunga mbuzi ndi nkhumba, chifukwa nthawi zambiri amaiwalika pa zokambirana zotere ndipo ziweto zawo ndizo zimayamba kufa.

Malo amene mukufuna si busa. Ndi poimika ziweto milungu iwiri kapena itatu: tsala limene mwini wake sadzalima chaka chino, chitunda cha miyala, m'mphepete mwa munda wa mitengo. Mukayang'ana mtunda wa mudzi uliwonse, nkhalango yokhayo yosalimidwa nthawi zambiri ndi manda. Musayerekeze n'komwe kuitchula. Ndipo musanene kuti tchire lakutilakuti lilibe mwini. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, koma limalemekezanso ufulu wa anthu amene akhala akugwiritsa ntchito malo mwa chikhalidwe chawo, ngakhale alibe pepala la DUAT, pepala lija lotsimikiza ufulu wogwiritsa ntchito malo. Tsala lililonse lili ndi banja lake.

Mwini malo mumupatsa chiyani? Ndalama zimabweretsa mkangano chaka chachiwiri. Chimene ndaona chikugwira ntchito ndi ndowe. Ng'ombe makumi awiri zikagona pamalo milungu itatu, pamenepo chaka chamawa chimanga chimachita kuda bii, ndipo feteleza mukudziwa mtengo wake. Panganani kuti ndowe zonse zotsala ndi za mwini malo, ndipo khola lothawirako lizisuntha chaka ndi chaka kuti munda wonse udyerere. Ena amawonjezapo kumulimira ndi ng'ombe tsiku limodzi kapena kumututira chimanga pangolo. Mwini malo akaona phindu, ndiye amayamba kukukumbutsani yekha mu Okutobala kuti bwanji simunayambe kumanga.

Zoti mumvane zisathere pa malo okha. Ng'ombe zidzadutsa njira iti, ndipo m'mbali mwa njirayo muli minda ya yani? Eni mindayo akhalepo pokambirana. Ng'ombe ikathyola mpanda n'kudya chimanga, alipira ndani, mwini ng'ombe kapena gulu lonse, ndipo muyeso wake ndi wotani? Nenani tsopano, mitima ili pansi: mizere yakutiyakuti, ndowa zakutizakuti pokolola. Adzagona kukhola ndani usiku? Akuba ng'ombe amadziwa bwino kuti nthawi ya chigumula ziweto zili malo achilendo ndipo eni ake ali kalikiliki ndi nyumba zawo. Ziweto zidzamwa kuti? Mukazitengera kumjigo wa mudzi osapangana, amayi adzakuthamangitsani, ndipo adzakhala akulondola.

Zonsezi zilembedwe. Pepala limodzi kwa mfumu, lina kwa mwini malo, lina kwa gulu, ndipo mkulu wa localidade, woimira boma m'dera lanu, adziwe. Pakamwa pokha sipakwanira, chifukwa amene anavomera mu Seputembala akhoza kudzakhala ali ku Lilongwe kapena ku Beira mu Febuluwale, pakhomo pali mphwake amene sanamve kanthu.

Khola lothawirako limangidwe Novembala asanathe. Lidulenidule mkati kuti banja lililonse likhale ndi chigawo chake. Nkhunzi za makola osiyana zikakumana pamalo opanikizika zimabayana, ndipo mathole amapondedwa. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi chizindikiro cha mwini wake, ndipo muijambule pafoni mbali zonse ziwiri. Madzi akamwaza ziweto, chithunzi chimenecho ndicho mboni yanu pamudzi wa kumunsi kumene ng'ombe yakatsakamira.

A m'malire, chenjerani. Achibale ali tsidya la Dedza kapena Ntcheu ndipo kumeneko n'kokwera, koma kuwolotsa ng'ombe malire popanda mapepala ndi mlandu mbali zonse ziwiri, makamaka pakakhala matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ngakhale kuchoka boma lina kupita lina muno momwe kumafuna guia de trânsito, chikalata chololeza kuyenda ndi ziweto, chimene mumatenga kwa a zaziweto ku SDAE, ofesi ya zaulimi ya paboma. Ngati kothawira kwanu kuli boma lina, kafunseni kale.

Nanga kumene kulibiretu mtunda, monga zigwa za Mutarara? Kumeneko anthu amaunda chitunda. Koma werengani kaye dothi lake. Ng'ombe khumi zimafuna pamwamba pa mamita 7 kwa 8. Chitunda chotalika mita imodzi ndi theka, chotsetsereka bwino m'mbali kuti ng'ombe zikwere ndiponso chisagumuke, chimadya mawilibala a dothi oposa 3,000. Si ntchito ya banja limodzi. Yambirani pachulu chachikulu kapena pamalo okwera kale, unjikani chaka ndi chaka, ndipo mubzale udzu m'mbali mwake. Chitunda n'cha madzi okwera pang'onopang'ono okha. Pamphepete pa Revúbuè musachiyese.

Mawu ena owawa. Ngati malo mwapeza akukwana ng'ombe khumi ndipo inu muli nazo khumi ndi zisanu, gulitsani zokalamba mu Juni kapena Julaye zikadali zonenepa. Ndikudziwa kuti ng'ombe ndi ulemu wa pakhomo ndipo palibe amafuna khola lichepe. Koma yogulitsa mu Febuluwale, yowonda, ogula akudziwa kuti mwapanikizika, imapita pamtengo wa mbuzi ziwiri.

4. Zolowezani ziweto njira, ndipo pangani lamulo la tsiku lonyamuka

Ng'ombe yochita mantha imathamangira kukhola limene inazolowera, ngakhale muli madzi. Tsono mu Novembala ndi Disembala muzipita nazo kukhola lothawirako kamodzi pamlungu, zikagone komweko, muzipatse mchere ndi gaga pang'ono. Abusa, amene nthawi zambiri ndi ana, aidziwe njirayo ngakhale mumdima.

Yendani njirayo mvula itangogwa kumene. Mudzapeza kuti kakhwawa kamene mumadumpha m'chilimwe ndiko kamayamba kudzaza, mtsinje waukulu usanasefukire n'komwe. Anthu ambiri satsekeredwa ndi mtsinje umene akuuyang'ana, amatsekeredwa ndi kakhwawa ka kumbuyo kwawo. N'chifukwa chake lamulo likhale ili: madzi akakhudza chigawo chapakati cha mtengo wopaka penti uja, ziweto zinyamuke, kaya kunja kuli dzuwa. Lamulolo likhale loti m'busa kapena mayi wa pakhomo atha kulitsata bambo kulibe. Ziweto zambiri zimafa podikira mwini wake amene wapita kumsika ndipo foni yake yazima.

Khalani ndi munthu kumtunda kwa mtsinje woti azikuimbirani mvula ikagwa kwambiri kwawo. Mverani wailesi ya m'dera lanu. A INAM amalengeza za mvula, a INGD, amene kale tinkawati INGC, amalengeza machenjezo. Mukamva alerta laranja, chenjezo la mtundu wa lalanje, ndiye kuti zinthu zikuipa, konzekani. Alerta vermelho, chenjezo lofiira, ndiye kuti ngozi yafika. Mwini ziweto asadikire yofiirayo. Munthu atha kukwera bwato la opulumutsa anthu, ng'ombe sangaikweze. Ngati m'mudzi mwanu muli komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mmodzi wa eni ziweto alowemo.

Mudzasamutsa ziweto kangapo madzi osabwera, ndipo anzanu adzakusekani. Sekani nawo.

5. Sungani chakudya kumtunda

Ng'ombe zopulumuka m'madzi zimafa ndi njala mlungu wachiwiri. Ng'ombe yathu yachikuda ya makilogalamu 250 imafuna pafupifupi makilogalamu 6 a chakudya chouma patsiku. Ng'ombe khumi milungu iwiri ndi makilogalamu 840. Mapesi, masangwi a mtedza, makoko a nyemba ndi soya, udzu womweta usanakhwimitse n'kuumika pamthunzi: zonsezi zimatayidwa kapena kutenthedwa mu Meyi ndi Juni. Mangani thandala lofolera bwino pafupi ndi khola lothawirako, osati pakhomo panu kumunsi. Ndipo chigawo cha chigumula chikhale chosakhudzidwa. Mu Okutobala msipu ukatha mudzafuna kuchitapa. Chisiyeni.

Chakudya chonyowa chimene chachita nkhungu musapatse ziweto, makamaka zabere.

6. Gwirani gombe, chepetsani liwiro la madzi kumtunda

Izi sizithetsa chigumula chachikulu. Zimachepetsa zigumula zing'onozing'ono za chaka ndi chaka, ndiponso zimaletsa mtsinje kudya busa lanu.

Cholakwika chachikulu ndi kumwetsa ng'ombe paliponse. Ziboda zimaswa gombe, madzi n'kupeza polowera. Sankhani malo amodzi omwetsera, mkati mwa khona la mtsinje kumene kumaunjikana mchenga, osati kunja kwa khona kumene madzi amagunda. Yalanipo miyala. Kwina konse tchingani ndi minga zaka ziwiri kuti zomera zigwire.

Pagombe bzalani mosanjikiza. Kumadzi kwenikweni bango ndi nsenjere. Pamwamba pake mizere ya vetiva, mbande zotalikirana masentimita 10 mpaka 15, mzere wopanda mpata, chifukwa pampata ndi pamene madzi amathamangira n'kukumba. Kumbuyo kwake nsungwi ndi mitengo yokonda madzi monga mkuyu, katope ndi mbawa. Bzalani mvula yoyamba itakhazikika kuti mizu igwire madzi aakulu asanabwere. Gombe loima chilili, lodyeka pansi, silibzalika; lisendeni kaye litsetsereke. Bulugamu pagombe ayi.

A madimba adzadandaula, poti dothi labwino la tomato ndi kabichi lili pagombe pomwepo. Apanso mubwerere kwa mfumu, mugwirizane mikono ingati isiyidwe. Dimba lolimidwa mpaka m'madzi limatha lokha, chidutswa chaka chilichonse.

Kumtunda, zigwembe zimene zimayamba m'njira za ng'ombe ndi za ngolo ndizo zimatsitsa madzi mwaliwiro. Tchingani ndi timipanda ta miyala kapena ta zikhomo ndi nthambi, tating'ono koma tambiri, kuyambira kumutu kwa chigwembe kutsika. Pakati pa kampanda pakhale potsika kuposa m'mbali kuti madzi adumphire pakati, ndipo pansi pamene akugwera muyalepo miyala. Mukamanga chimodzi chachikulu kumunsi, mvula yoyamba idzachinyamula. M'minda, akalozera ndi mizere yopingasa. Izi zimapindulira a kumunsi kuposa amene akuzichita, n'chifukwa chake zimavuta kukopa anthu. A ku Angónia akadula mitengo m'mapiri, amalira ndi a ku Moatize.

7. Za khoma lotchinga madzi

Ili ndilo funso limene amuna amalikonda. Yankho langa kawirikawiri ndi lakuti musamange.

Khoma lotsata mtsinje silichotsa madzi, limangowakankhira kwa mnzanu wa tsidya lina kapena wa kumunsi. Ndipo likagumuka, madzi amalowa mwaukali kuposa mmene akadalowera popanda khoma, pamene inu mwagona mukulidalira. Khoma la mtsinje waukulu ndi ntchito ya akatswiri, yodutsa ku SDPI, ofesi ya zomangamanga ya paboma, ndi kwa a ARA oyang'anira mitsinje. Midzi ya m'zigwa ikufunikadi ntchito zotere, pamodzi ndi zoyezera madzi kumtunda kwa mitsinje yathu ing'onoing'ono, ndipo n'zoyenera kuzipempha mwamphamvu pamisonkhano ya boma. Koma si zoti munthu ayambe yekha ndi anyamata aganyu.

Chimene mungamange nokha ndi kakhoma kozungulira khola kapena nkhokwe, kumalo kumene madzi amafika mofatsa ndipo sapitirira m'mawondo. Palani udzu ndi dothi lapamwamba pamene kadzakhale. Kumbani kangalande pakati pa maziko n'kudzazamo dothi lamakande, kuti madzi asadutse pansi. Dothi loyenera ndi limene mukalinyowetsa n'kulipota m'manja limatalika osaduka, lamchenga silithandiza. Thirani masentimita 15, nyowetsani pang'ono, sinjani ndi chipika, kenako thiraninso. Amene amaunjika dothi lonse kamodzi n'kupondaponda pamwamba amangodzinamiza. M'mbali mutsetsereke, mikono iwiri kapena itatu m'lifupi pa mkono umodzi wa msinkhu, ndipo pamwamba papitirire chizindikiro chanu ndi theka la mita. Dothi musakumbe patsinde pa khoma.

Ndipo musaiwale potulukira. Khola lozunguliridwa ndi khoma limasunga mvula ndi mikodzo. Ikani payipi pansi, kumbali yotsika, yoti muzitseka madzi akunja akakwera.

Matumba a mchenga musadzaze. Theka kapena kupitirira pang'ono, pindani kukamwa, yalani mopingasitsa ngati njerwa n'kupondaponda.

Mbuzi zimangireni khola lam'mwamba la mitengo yozikika mozama. Limathandiza pa thope ndi pa madzi ofatsa. Pa madzi othamanga limapita lonse ndi mbuzi zake zili mkati.

8. Madzi akakupezani musanasamuke

Anthu kaye. Ana ndi okalamba atuluke, ziweto pambuyo. Mwana asatumidwe kukatsegula khola usiku.

Ngati nthawi yatha, tsegulani khola, dulani zingwe zonse. Ng'ombe yomasuka imasambira ndipo nthawi zambiri imapeza mtunda. Yomangidwa pachikhomo kapena yotsekeredwa ilibe mwayi. Ng'ombe zapagoli zimasuleni. Mbuzi ndi nkhosa zimatopa msanga m'madzi, tiana tinyamuleni. Nkhumba tsegulirani.

Musawolotse ziweto pamadzi othamanga, ndipo musadzimangirire chingwe cha ng'ombe padzanja. Madzi ofika m'mawondo akamathamanga amagwetsa munthu wamkulu. Pa Zambezi ndi Shire kumbukirani kuti madzi akasefukira ng'ona ndi mvuu zimafika mpaka m'minda, ndipo njoka zimathawira pachulu chomwecho chimene inu mukuthawirapo.

9. Madzi akaphwa

Musathamangire kubwerera. Msipu wokutidwa ndi matope ulibe chakudya ndipo umatsegula m'mimba. Dikirani mvula iutsuke ndipo nthaka iume moti chiboda chisamire. Mukalowetsa ng'ombe padambo lofewa, zimapondereza mizu, busa n'kuwonongeka chaka chonse. Yendani kaye nokha muchotse mawaya, mapulasitiki ndi zitini za mankhwala a m'munda zobwera ndi madzi.

M'khola lakale palani thope lonse mukathire kumunda, thirani dothi louma kapena mchenga, pakati pakhale pokwera. Yang'anani mapazi a ng'ombe iliyonse. Yotsimphina, yonunkha pakati pa ziboda, itsukeni, iikeni pouma, muitane mlangizi wa ziweto. Nkhupakupa zimachuluka nthawi imeneyi, ndipo madibi amakhala atadzaza madzi amvula, mankhwala atasungunuka. Poperani kapena funsani ngati dibi lakonzedwanso musanalowetse ng'ombe. Udzudzu ndi ntchentche zoluma zimafalitsa matenda otupitsa khungu timabulumabulu. M'madzi otsalira m'dambo mumaswana nkhono zimene zimafalitsa nyongolotsi za m'chiwindi. Izi sizioneka msanga: ng'ombe imayamba kuwonda ndi kutupa pansi pa chibwano patapita miyezi iwiri kapena itatu. Funsani mlangizi mankhwala ake ndi nthawi yomwetsera, chifukwa si mankhwala onse a nyongolotsi amene amapha za m'chiwindi zikadali zazing'ono. Ng'ombe yaikazi ikapoloza, makamaka zikapoloza zingapo, musagwire ndi manja zotulukazo, ndipo kaneneni ku SDAE.

Katemera wa boma wa carbúnculo hemático, nthenda ya anthrax, musamamuphonye chaka chilichonse. Tizilombo ta nthendayi timakhala m'nthaka zaka zambirimbiri ndipo chigumula chimatifukula. Ng'ombe imene inali bwinobwino dzulo, lero yafa mwadzidzidzi, yatupa msanga, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno kapena kumbuyo: musaisende, musaitumbule, musagawe nyama. Ndikudziwa mmene zimakhalira pamudzi, njala ili pakhomo, ng'ombe yathunthu ili gone, anthu afika kale ndi mipeni ndi mabeseni. Akanizeni. Nthendayi imapha ndi anthu omwe, osenda ndi odya. Itanani a zaziweto, ndipo nyamayo ikwiriridwe yonse ndi chikopa chomwe m'dzenje lakuya mamita awiri, kutali ndi mtsinje ndi zitsime, pamwamba muunjikepo minga kuti agalu ndi afisi asafukule. Yomira m'madzi imene mwaipeza patapita tsiku nayonso si ndiwo.

Zitsime zimene madzi osefukira analowamo zikapidwe ndi kuthiridwa mankhwala musanamwe, inu ngakhale mathole. Lembani ziweto zimene zafa ndi zosowa, ndi zithunzi zija, mukapereke kwa mfumu ndi ku SDAE mlungu womwewo, kalembera wa zowonongeka asanatsekedwe.